Dzina Lotengera Phukusi

Foni inalira ndili pakati pomuyezera mayi wina meda ya mtedza pamsika wa Kapata. Ndinaipana ndi phewa, manja akupitiriza ntchito. Anali Thandiwe, ndipo sanayambe n'komwe ndi moni.

"Amama, mwana wanu uja ine ndathana naye."

Ndili ndi ana awiri okha, ndiye sindinafunse kuti mwana uti. Thandiwe amakhala ku Winipegi, m'dziko la Canada, ali pabanja ndi mwana mmodzi, amagwira ntchito m'chipatala. Mlongo wake Samson, wamkulu kwa iye ndi zaka khumi ndi ziwiri, ali ku Minesota, ku America, amakonza makina m'fakitale ya zakudya. Amati mtunda wa pakati pawo umangoposa pang'ono wochoka kuno kupita ku Lusaka. Koma pa zaka zisanu ndi chimodzi zimene Thandiwe wakhala kumeneko, awiriwa sanaonanepo maso ndi maso.

Ndinamuuza kuti alankhule mwadongosolo, kupsa mtima akusiyire pambali chifukwa ndinali pantchito.

Nkhani yake inali ya makutu a atate awo. Amuna anga, a Paison Daka, anayamba kugontha zaka zinayi zapitazo. Poyamba ankati anthu a masiku ano amalankhulira m'kamwa. Kenako kutchalitchi anayamba kuyankha wansembe asanamalize. Chaka chathachi anasiya kulandira foni. Ana akaimba amangoyang'ana nkhope zawo pagalasi, n'kumwetulira, n'kundibwezera. Ine ndinazolowera kukuwa, ndipo ndinkati ukalamba ndi umenewo. Thandiwe sanavomere. Anapeza pa intaneti timakina tolowetsa m'makutu, tating'ono ngati nyemba, m'sitolo ina ya ku America, ndipo anaganiza zowagulira.

Mavuto anayambira pomwepo. Atalemba adiresi yake ya ku Canada, sitolo inati katundu wa mtundu umenewo satumiza kunja kwa America. Atayesa njira ina, khadi lake la kubanki linakanidwa kawiri. Anzake a kuntchito anamuseka, nati aliyense kumeneko amadziwa chochita. Kungowoloka malire, ulendo wa ola limodzi ndi pang'ono kuchoka ku Winipegi, kuli katauni komwe anthu anatsegula nyumba zongolandirira ena maphukusi. Umagula, katundu amakafikira kumeneko, Loweruka umapita kukatenga, pobwera umawaonetsa a kasitomu, basi. Thandiwe anachita momwemo, khadi linavomera, phukusi linafika. Chimene anaiwala n'chakuti anzakewo ali ndi mapasipoti a Canada. Yake ndi ya Zambia, ndipo kuti aponde ku America pamafunika viza, ndipo tsiku lokaonana ndi opereka viza linali miyezi yambiri kutsogolo.

Timakina ta atate ake tinangokhala pashelefu, tsidya lina la malire, iye tsidya lino. Munthu woti atibweretsere kuno analipo kale, mnzake wa kutchalitchi dzina lake Ketilina, kwawo ku Katete, amene ankanyamuka Lolemba la sabata yotsatira.

Ndiye anadzichepetsa n'kulembera Samson kuti akatenge phukusilo n'kumubweretsera, poti iye mapepala ake amamulola kuwoloka malirewo. Kwa Thandiwe kumeneko kunali kudzichepetsa kwenikweni, chifukwa panali kale chakukhosi. Atangofika ku Canada anapempha mlongo wakeyo kalata yomuitana ndi chithunzi cha chitupa chake kuti akapemphere viza yodzacheza. Samson anati mawa, anati sabata yamawa, mpaka chaka chinatha. Thandiwe anamva kuti sakufunidwa, ndipo kuyambira pamenepo ankangopatsana moni wa Khirisimasi. Ulendo uno Samson anavomera ndi liwu limodzi. Thandiwe analembetsa dzina lake kunyumba ya maphukusi ija ngati munthu wololedwa kutenga. Loweruka madzulo Samson anamulembera mawu awiri, akuti akana kundipatsa. Atamufunsa chifukwa, sanayankhe. Lolemba m'mawa Thandiwe anafunsa eni nyumbayo, ndipo anamuuza kuti munthu amene anamulembetsa sanafike.

"Anangonama, amama. Sanapite. Loweruka latsala limodzi. Likadutsa limeneli ndifufuta nambala yawo, ndipo musadzandiuzenso kuti ndili ndi mlongo."

Mwana wanga ndimamudziwa. Ena akakwiya amalankhula zambiri n'kuiwala. Uyu anatengera ine, akanena amachita.

Za intaneti sindizidziwa, koma malire ndimawadziwa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndinkawoloka pa Mwami kupita ku Mchinji ndi ku Lilongwe, kukatenga zitenje, shuga ndi sopo. Ndinaphunzira kuti munthu wokhala kuseri kwa kauntala sakudziwa ndipo sadana nawe. Sayang'ana n'komwe nkhope yako. Amayang'ana pepala ili ndi pepala ilo, zikafanana amadinda, zikasiyana amakankhira kwa iwe n'kuitana wotsatira. Tsiku lina ndinabwezedwa chifukwa chiphaso chowolokera chinati Zilipa pomwe chitupa changa chimati Zelipa. Chilembo chimodzi, tsiku lonse linapita. Choncho ndinafunsa funso limene wa geni aliyense wa pamalire akanafunsa.

"Iwe unalembetsa dzina lanji?"

"Dzina lawo, amama. Samson Daka. Nanga ali ndi lina?"

Ananena monyoza, osayembekezera yankho. Ndinamuuza kuti makasitomala akundidikira, ndidzamuimbira mawa. Ndinadula foni. Mayi wogula uja anandikumbutsa kuti mtedza ukutayikira pansi, thumba lake linali litadzaza kale.

Inde, ali ndi lina. Pa chitupa chake, pa masatifiketi ake a sukulu, pa pasipoti, ndipo mosakayika ndi pa laisensi yake ya ku America, mwana wanga ndi Maliro Daka. Ndinamutcha ndine. Thandiwe sanalimvepo.

Ndinatseka benchi msanga, mnzanga wa pambali n'kumafunsa ngati ndadwala. Kunyumba ndinapeza a Daka ali pabwalo, beseni la madzi pakati pa miyendo, akufufuza pobowoka pa chubu cha njinga. Anasiya kalekale kukonza njinga za anthu pamsewu wa Lundazi, koma oyandikana nawo amawabweretserabe. Vuto linali lakuti nkhani yachinsinsi sungainene kwa munthu wogontha. Kuseri kwa mpanda, a Mwasiti, anansi athu, anali kuyanika zovala. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga envulopu yakale ndi pensulo, ndinalemba mwachidule kuti Samson wakanizidwa phukusi chifukwa Thandiwe analembetsa dzina la ubatizo. Pansi pake ndinalemba dzina linalo.

A Daka anapukuta manja, anaika pepala patali ndi maso, anawerenga milomo ikugwedezeka. Atafika pomaliza anatchula mokweza ndi mawu awo a munthu wosadzimva.

"Maliro!"

Sindinathe n'komwe kuwagwira pakamwa. A Mwasiti anali atafika kale pachipata, chovala chonyowa chili m'manja, akufunsa kuti ndani watisiya, kodi ndi kwa ana kunja kuja. Ndinawauza kuti palibe wamwalira, ndi a Daka akuwerenga nkhani yakale. Anabwerera akuyang'ana m'mbuyo. Ndinadziwa kuti pofika madzulo mzere wonse udzakhala ukufunsana.

Ndinawakokera amuna anga m'nyumba n'kutseka chitseko ndi mawindo. Anandifunsa ngati zoona mwana wamkaziyo sakudziwa. Iwo ankayesa kuti ndinamuuza kale, pa nthawi ya ukwati wake kapena asanakwere ndege. Ndinalemba papepala kuti inenso ndinkayesa kuti anamuuza ndi iwo. Anandiyang'ana, ndinawayang'ana. Tonse tinadziwa kuti tikunama. Palibe ankayesa kalikonse. Tinangoisiya nkhaniyo pomwe inagwera, ngati mmene umasiyira mwala wolemera pakhomo n'kuzolowera kuulambalala.

Tisanasamukire m'tauni tinkakhala ku Chipangali, tikulima mtedza ndi chimanga. Kumeneko ndinaika m'manda ana atatu motsatizana. Nditabala wachinayi sindinasoke kamalaya, sindinaitane munthu. Kwathu mayi amene ana ake akungopita amamutcha wotsatirayo dzina loipa, la dothi, la manda, la chinthu chotayidwa, kuti chimene chimatenga anawo chikafika chione ngati apa palibe choti n'kutenga. Namwino wa kukiliniki atafunsa choti alembe pakhadi la sikelo, ndinati Maliro. Anakweza maso, ndinabwereza, analemba. Ndinafika Fomu Thu, ndinkadziwa kuti chikuku sichiwerenga makhadi. Koma ndinali nditayesa mankhwala, ndinali nditayesa mapemphero, ndipo ichi chinali chaulere.

Mwanayo anakhala moyo. Dzina linachoka pakhadi la sikelo kupita m'kaundula wa sukulu, ndipo kumeneko ana anzake analipeza lokoma. Akalowa m'kalasi ankayamba nyimbo ya pamanda. Akachedwa ankati maliro achedwa lero. Mphunzitsi wina ankakonda kufunsa kuti kodi maliro ali kwa yani, kalasi yonse n'kuyankha kuti kwa a Daka. Pobatizidwa ali ndi zaka khumi anasankha yekha dzina la Samson, ndipo anatiuza kuti aliyense womuitana dzina lakale sadzamuyankha. Tinasamukira ku Kapata chaka chotsatira. Kuno anthu anandidziwa kuti amake Samson kuyambira tsiku loyamba, ndipo Thandiwe anabadwira m'nyumba imene munali Samson yekha. Koma mapepala a boma sabatizidwa. Mayeso a Giredi Seveni anawalemba ndi dzina la m'kaundula, chitupa chinatsata satifiketi, pasipoti inatsata chitupa. Thandiwe akuyamba sukulu, mlongo wake anali kale ku koleji ku Kitwe, mapepala ake ali m'sutikesi mwake.

A Daka anati ndimuimbire Thandiwe nthawi yomweyo, ndimuuze akonze dzina, nkhani ithe. Inenso mtima unkafuna zomwezo, ntchito ya mphindi ziwiri. Koma panali chinthu china chimene iwo sankachidziwa, ndipo sindikanachilemba pa envulopu.

Samson ali mu Giredi Naini anabwera ndi fomu ya mayeso. Anandipeza ndikumanga mtolo wa katundu, ndikuthamangira basi ya kumalire. Anaima pakhomo nthawi yaitali, kenako anandifunsa chifukwa chake ndinamutcha dzina lotere. Ine sindikonda kukoka nkhani, ndipo basi sidikira. Ndinati, "Chifukwa tinkadziwa kuti nawenso ufa. Gwira chingwe apa." Anagwira chingwe, ndinamanga mfundo, ndinanyamuka. Sanafunsenso. Kwa zaka makumi atatu ndinkaona ngati ndinamuyankha.

Ndiye sindikanatha kutenga dzina lake n'kulipereka kwa mlongo wake iye osadziwa. Ndinalipereka kale kamodzi osamufunsa.

Mawa lake sindinapite kumsika. Ndinadikira masana, nthawi imene kwawoko kumakhala kukucha, ndipo ndinamuimbira Samson asanapite kuntchito. Ndinatseka kamera. Zinthu zina zimanenedwa bwino osaonana. Anandifunsa za miyendo yanga, za atate ake, za mvula. Ndinamulola amalize, kenako ndinamuuza kuti ndikudziwa kuti anapitadi kumalire kuja.

Ndinamva kapu ikuikidwa patebulo.

Anandifotokozera pang'onopang'ono. Anadzuka kusanache, anayendetsa galimoto maola asanu ndi limodzi. Nyumba ya maphukusi inali ngati shedi ya fodya, mashelefu mpaka kudenga, panja magalimoto a manambala a Canada okhaokha. Mayi wa pakauntala anapeza phukusi, analiika patsogolo pake, kabokosi koti n'kulowa m'thumba la jekete. Anapempha laisensi. Anayang'ana laisensi, anayang'ana kompyuta, n'kulibwezera kabokosi kumbuyo kwake. Sanali wamwano. Anati n'zosavuta, angomuimbira mwini phukusi kuti asinthe dzina pafoni yake, mphindi imodzi zatheka, iye adikira. Samson anati akaimbira panja. Anakhala m'galimoto ola lathunthu foni ili m'manja. Kenako analiza injini, maola ena asanu ndi limodzi kubwerera.

Ndinatsala pang'ono kumukalipira. Maola khumi ndi awiri pamsewu, mafuta onsewo, chifukwa cha liwu limodzi, bambo wa imvi m'ndevu. Mawu anafika pamilomo. Ndinawameza, chifukwa ndinazindikira kuti ndi mawu a mayi yemwe uja wa chingwe.

Ndinamufunsa kuti nanga kuntchito amamuitana ndani. Anaseka pang'ono, nati amamuitana Maliro, zaka zonsezi, lalembedwa ndi pachifuwa cha ovolosi yake. Azungu amati ndi dzina lokoma, ena amayesa ndi la Chitaliyana. Mayi wina wa mu ofesi anafuna kutcha mdzukulu wake, Samson n'kumuletsa movutikira. Akamufunsa tanthauzo amati ndi dzina chabe.

"M'kamwa mwawo ndi phokoso basi, amama. Koma Thandi akalitchula, limveka."

Ndinamuuza kuti ndamva. Kenako ndinamufunsa ngati akukumbukira tsiku la fomu ya mayeso. Anati amakumbukira ndi mtundu wa chingwe chomwe, chinali chabuluu.

Sindidziwa kupepesa ndi mawu ambiri. Ndinangomuuza zimene ndinayenera kumuuza tsiku lija. Ndinati woyamba anali Anna, anafika poyenda, ankakonda kuluma m'mphepete mwa mphasa. Wachiwiri anali Yohane, chikuku chinamutenga ali ndi miyezi isanu ndi inayi, mwezi wa Okutobala, tikupita naye kuchipatala pangolo. Wachitatu anakhala masiku asanu ndi limodzi, anali wamkazi, sitinamutche dzina. Mayina amenewa ndinali ndisanawatchule mokweza chichokereni ku Chipangali, ndipo anatuluka movuta ngati chitseko chimene chakhala chotseka dzinja lonse.

"Tsiku lija ndinakunamiza. Sitinkadziwa kuti ufa. Tinkaopa. Dzina lija silinali lokutaya, linali lokubisa. Ndinakubisa pomwe ndinkaganiza kuti imfa sikayang'ana."

Samson anafunsa za Anna, ngati ankafanana ndi ine kapena atate ake. Anafunsa ngati manda awo akudziwikabe. Ndinamuuza kuti mtengo wa mpoza umene unali pafupi ulipobe, achibale olima kumeneko amaudziwa. Anafunsa zambiri, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinayankha funso lililonse osayang'ana wotchi. Iye ndi amene anadzanena kuti wachedwa kuntchito.

Tisanadule ndinamuuza zimene mlongo wake wanena, kuti Loweruka likadutsa afufuta nambala. Ndinamuuzanso kuti kalata ya viza ija imamupwetekabe, amayesa kuti mlongo wake ankachita naye manyazi. Samson anati ankaganiza kuti anaiwala. Ndinati ana anga saiwala, onse awiri, ndi nthenda ya m'nyumba.

Ndinamufunsa ngati amuuza yekha kapena ndimuuze ine.

"Mumuuze ndinu, amama. Munalipereka ndinu. Koma mumuuze zonse, osati dzina lokha. Akasintha, Loweruka ndipita, ndikawoloka nalo mpaka pakhomo pake."

A Daka anali atakhala pampando moyang'anana nane nthawi yonseyi, akuwerenga nkhope yanga. Nditaika foni pansi anafunsa mokuwa ngati mnyamatayo wavomera. Ndinagwedeza mutu. Anati ndiye ndikudikira chiyani, n'kutuluka kukapitiriza chubu chawo.

Thandiwe ndinamupeza tsiku lomwelo, asanalowe ntchito ya masana. Anayankha ndi mawu ouma, akuyembekezera kuti ndiyamba kumuchonderera. Ndinamuuza atenge cholembera. Anafunsa kuti cha chiyani. Ndinati atenge basi.

"Lemba. Maliro Daka."

"Ndani wamwalira?"

"Palibe. Ndi dzina la mlongo wako. Ndi limene lili pa laisensi yake. Anapita Loweruka, phukusi analiona ndi maso, anamukaniza chifukwa iwe unalembetsa munthu amene boma silimudziwa."

Poyamba anaseka, kuseka kwa munthu amene akuyesa kuti mayi ake ayamba kusokonekera mutu. Ataona kuti ine sindikuseka, anasiya. Ndinamufotokozera zonse monga Samson anapemphera, kuyambira ku Chipangali, ana atatu aja ndi mayina awo, khadi la sikelo, nyimbo ya pamanda m'kalasi, mpaka chingwe chabuluu. Pa chingwepo sindinadzikometsere. Ndinanena mawu anga enieni a tsiku lija.

Thandiwe amagwira ntchito pakati pa odwala, salira msanga. Anangofunsa kuti ndiye kuti iye ndi mwana wachisanu, osati wachiwiri. Ndinati inde. Anafunsa ngati kalata ya viza ija inakanika chifukwa cha chitupa. Ndinati akamufunse mwini wake, koma ine ndikuona choncho. Kenako mawu ake anatembenukira kwa ine, ndipo anali akuthwa. Anati zaka zisanu ndi chimodzi wakhala akudana ndi munthu chifukwa cha chinthu chimene ine ndikanachithetsa ndi foni imodzi. Anati nthawi zonse akadandaula za mlongo wake ndinkangoti musiye, ndi mmene alili. Anati ine ndimatha kumuuza mtengo wa mtedza wa chaka chilichonse chibadwire iye, koma sindinathe kumuuza kuti anali ndi abale atatu.

Sindinatsutse. Zinali zoona zokhazokha, ndipo munthu wokonda zoona ngati ine ayenera kuzilandira zikabwera kwa iye.

Ndinamva akugogoda pakompyuta. Anafunsa ngati dzinalo limalembedwa ndi l kapena r pakati. Ndinamuuza chilembo chimodzichimodzi, kawiri, chifukwa ndikudziwa zimene chilembo chimodzi chimachita pakauntala. Anati zatheka, alandira uthenga wovomera. Ntchito yonse sinakwane mphindi.

Kenako anafunsa ndi mawu ena, a kamtsikana kaja kankagona pansi pa benchi yanga kumsika.

"Nanga akafika ndiwaitane ndani?"

Ndinamuuza kuti pamenepo ndiye pamene ndikufuna amve bwino.

"Umuitane achimwene, monga kale. Dzina linalo ndi la pakauntala, likhale komweko mpaka mwini wake atalitulutsa yekha. Ndipo tamvera, Thandi. Akafika Loweruka adzakhala atayenda tsiku lonse, ndipo ndikumudziwa, adzakupatsira kabokosiko pakhomo n'kunena kuti akufulumira kubwerera. Iwenso ndikukudziwa, udzalandira, udzathokoza, udzati yendani bwino, chifukwa ndinakulera ndine ndipo ndinakuphunzitsa kuti nkhani ikatha yatha. Usachite zimenezo. Umulande makiyi a galimoto. Agone kwanu, aone mwana wako, adye. Akayamba kulankhula usamuthandize kumaliza, ngakhale azungulire chotani, ngakhale ntchito ikudikire. Ine mwana anandifunsa funso limodzi lokha m'moyo wake, ndipo ndinamupatsa chingwe kuti agwire. Iwe uchite bwino kuposa amako."